Zobzala m'mbali mwa nyumba: kusankha zomera zopirira dzuwa la ku Kasungu

Nyumba zambiri kuno ku Kasungu, kaya ndi pa boma, ku Chinkhoma, ku Santhe kapena ku Nkhamenya, zili ndi kamalo kopapatiza pakati pa khoma ndi njira yodutsa anthu, kapena pakati pa khoma ndi mpanda. M'lifupi mwake simukwana ndi mita imodzi yomwe, ndipo dzuwa limawombapo osapumira. Ena amangopasesa n'kundandikapo miyala yopaka laimu. Ena amagula maluwa mu Januwale, kunja kuli biriwiri, koma pofika nthawi yolima mizere pamakhala patangotsala timitengo touma.

Cholakwika chimakhala nthawi yosankhira. Mu Januwale chilichonse chimamera. Mvula yathu ikasiya cha mu Epulo, sibweranso mpaka Novembala kapena Disembala, ndipo chomera cha pakhoma chiyenera kudutsa miyezi yonseyo mizu yake ili m'kamalo kochepa, njerwa zikutentha kumbuyo kwake. Choncho chomera chilichonse chimene mwachikonda, muyambe mwadzifunsa kuti mu Okutobala chidzaoneka bwanji, ndipo adzachithirira ndani.

Yambani ndi tepi ndi maso, khasu libwere pambuyo

Yezani kutalika ndi m'lifupi mwa kamaloko, mulembe. Kenako chotsanipo masentimita 30 oyambira pakhoma, chifukwa pamenepo simudzabzalapo kanthu. Khoma limene likunyowa tsiku ndi tsiku limayamba kuyoyoka pulasitala, njerwa zimatuluka zoyera ngati mchere, ndipo chiswe chimapeza njira yobisika yokwerera. Ngati nyumba ndi ya zidina kapena yomangira dothi, siyani theka la mita. Zotsalazo ndiye bedi lanu lenileni. Kamalo ka masentimita 70 kamatsala ndi 40 okha, kutanthauza mzere umodzi wa zomera basi. Mizere iwiri imafuna kuti patsale masentimita 60 kapena kuposa.

Yezaninso kuchokera pansi kufika pawindo. Chomera chimene chidzapitirira pamenepo chidzatseka kuwala ndi mphepo, ndipo mudzakhalira kuchidula.

Tsopano onani mbali imene khomalo layang'ana, chifukwa dzuwa la m'mawa ndi la masana si limodzi. Khoma loyang'ana kum'mawa limalandira dzuwa lofatsa, ndipo pofika masana mthunzi wa nyumba umagwera pabedi. Apa mutha kubzala zambiri, ngakhale ndiwo zamasamba. Khoma loyang'ana kumadzulo ndiye lankhanza. Dzuwa limaliwomba kuyambira masana mpaka kulowa, njerwa zimasunga kutenthako n'kumakutulutsa usiku, moti chomera sichipuma. Gwirani khomalo cha m'ma 5 koloko madzulo mu Okutobala, mumva nokha.

Makoma a kumpoto ndi kumwera amasintha ndi nyengo. Kasungu ili pa madigiri pafupifupi 13 kumwera kwa ikweta, ndiye kuyambira kumapeto kwa Febuluwale mpaka mu Okutobala dzuwa la masana limapendekera kumpoto, makamaka mu Juni. Khoma la kumpoto limawotha dzuwa nyengo yonse yozizira, pamene la kumwera limakhala mumthunzi miyezi yomweyo. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale dzuwa limadutsa pamutu, kupendekera pang'ono kumwera. Munthu amene wayang'ana khoma la kumwera mu Disembala n'kuganiza kuti ndi la dzuwa adzadabwa mu Juni maluwa ake atatalika moonda osachita duwa. Malo a dzuwa enieni ndi amene amalandira dzuwa lachindunji maola 6 kapena kuposa patsiku.

Onani pamene madzi a padenga amagwera

Ili ndi gawo limene ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limapha mbande zambiri. Denga la malata lopanda gata (kangalande kolandira madzi m'mphepete mwa denga) limatsanulira madzi onse pamzere umodzi, ndipo mzere umenewo nthawi zambiri umadutsa pakati penipeni pa kabedi kanu. Mutha kuuona ngakhale m'chilimwe: kangalande kokumbika kotsatana ndi khoma, kodzaza timiyala. Chimene chabzalidwa pamenepo chimafukuka mizu mvula yoyamba yamphamvu ikangogwa.

Kuchokera pamzerewo kupita kukhoma, zinthu zimatembenuka. Denga limatchinga mvula, ndipo dothi limakhala louma ngakhale mu Febuluwale. Ndiye kamalo kamodzi komweko kali ndi mbali youma, mzere womenyedwa ndi madzi, ndi mbali yakunja yolandira mvula bwinobwino.

Chochita n'chosavuta. Pamzere wogwera madzi ikanipo zidutswa za njerwa kapena miyala ya kwale, m'lifupi ngati chikhatho ndi theka, mopendekera kuti madzi azithawa nyumba. Zomera zipite kunja kwa mzerewo. Ngati bedi lonse lili mkati mwa denga, liwerengeni ngati malo opanda mvula, mubzalemo zokhazo zosunga madzi m'masamba. Amene angakwanitse gata ndi mgolo apindula pawiri, bedi latetezeka komanso madzi othirira apezeka, bola mgolowo ukhale wovindikira kuti udzudzu usaswanemo.

Kumbani muone chimene chili pansi

Dothi la m'mbali mwa nyumba kawirikawiri si dothi la munda. Amisiri akamamanga amatayira pomwepo zotsala za simenti, zidutswa za njerwa, misomali ndi mchenga wa kumtsinje, kenako n'kukwirira. Kumbani maenje awiri kapena atatu akuya masentimita 40. Mukapeza zibuma za simenti zichotseni zonse, chifukwa laimu wa m'simenti akachuluka masamba a zomera zambiri amasanduka achikasu. Kumbani mosamala, mwina paipi ya madzi idutsa pomwepo, ndipo musakumbe mogundiza maziko.

Thirani ndowa ya madzi m'dzenje limodzi muone. Akatha msangamsanga, muli pa mchenga, monga momwe lilili dothi la malo ambiri m'boma lino. Akakhala mpaka mawa, muli pa dothi logwirana kapena pansi papondedwa kwambiri, ndipo alovera ndi anzake adzaola mizu pokhapokha mutakweza bedi ndi kusakanizamo mchenga.

Pa mchenga, mankhwala ake ndi manyowa owolerana bwino: ndowa imodzi ya malita 20 pa mita iliyonse ya bedi, yosakanizidwa ndi dothi mpaka kuya kwa khasu. Manyowa a m'khola la ng'ombe kapena mbuzi ndi abwino akakhala kuti adazizira ndipo sakununkhanso. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu. Dothi la pachulu, limene alimi amamwaza m'minda ya mchenga, limathandizanso kugwira madzi mukaliphwanya bwino n'kusakanizamo pang'ono.

Chenjezo limodzi la kuno kwathu kwa fodya. Mapesi ndi zinyenyeswa za fodya zimapezeka mosavuta, ndipo ena amaphimbira nazo mabedi. Pa maluwa wamba palibe vuto lalikulu, koma pamene mukufuna kubzala tsabola, matimati kapena mabiringano musaziyandikize. Mbewuzi ndi za banja limodzi ndi fodya, ndipo matenda a mosaic, amene amachititsa mawanga ndi kupiringiza masamba, amakhala nthawi yaitali m'zotsalira za fodya.

Werengani madzi amene muli nawodi

Tiyerekeze bedi lotalika mamita 6, m'lifupi masentimita 60. Mu Okutobala ndiwo zamasamba zimafuna malita pafupifupi 5 pa sikweya mita iliyonse patsiku, ndiye bedi limeneli likufuna pafupifupi ndowa yathunthu ya malita 20 tsiku lililonse. Ngati mumatunga pa mjigo wa pamzere wautali, kapena mpopi wanu umauma masana m'chilimwe, dzifunseni moona mtima ngati ndowayo idzapezeka. Bedi lomwelo likakhala la alovera, periwinkle ndi portulaca (zomera zopirira zimene tizifotokoza kutsogoloku) zokhazikika, ndowa imodzi kapena ziwiri pa sabata zikwanira.

Madzi otsukira mpunga, ndiwo ndi otsukuluzira zovala ndi abwino pa maluwa. Amene muli Jik, mchere kapena mafuta ambiri atayeni kwina. Madzi a kubafa musathirire ndiwo zodya masamba.

Zoyenera kukana, ngakhale akupatseni ulere

Mtengo uliwonse. Mango, bulugama, malaina, kesha, nimu, kachere, zonsezi zimayamba ngati kambande kosalakwa m'chubu, koma mizu yake imafika pamaziko, kukweza khonde ndi kulowa m'mapaipi. Nsungwi nazo zimafalikira mosaletseka. Nthochi zimafuna madzi ochuluka pafupi ndi khoma, zomwe tikuzipewa. Papaya ndi chammwamba mizu yake si yoopsa kwenikweni, koma malo ake ndi pabwalo, osati pansi pa malata.

Bougainvillea ndi wokongola, ndipo amachita maluwa kwambiri nthawi youma yomweyi, koma ndi chitsamba chachikulu cha minga. Pa kanjira kopapatiza amakola zovala ndi kukanda ana. Mubzaleni pampanda wa kutali. Nkhadze ili ndi utomoni woyera woopsa m'maso. Oleander, chitsamba cha masamba aatali osongoka ndi maluwa apinki, ndi poizoni kuyambira tsamba mpaka muzu, kwa anthu ndi ziweto zomwe. Lantana, chitsamba cha timaluwa tamitundumitundu tokhala m'timagulu, amafalitsidwa ndi mbalame n'kukadzaza m'tchire, ndipo amadwalitsa ng'ombe. Khonje ali ndi nsonga zobaya pa msinkhu wa maso a mwana.

Nkhwani ndi mbatata zimayanga n'kutseka njira. Rozi ndi hibiscus zimachita bwino pakhoma la kum'mawa ngati madzi alipo, koma kumadzulo zimangovutika, komanso mbuzi zimazikonda kwabasi.

Tsopano sankhani

Pakhoma la kumadzulo, kapena paliponse pamene madzi ndi ovuta, yambani ndi alovera. Amasunga madzi m'masamba, mizu yake ndi yosazama, satalika kupitirira windo, ndipo amabereka ana m'mbali amene mungadzazire bedi lonse osagulanso. Mpatseni mpata wa masentimita 50 mpaka 60. Dzuwa likanyanya masamba ake amafiirira, koma si kufa kumeneko, mvula ikagwa amabiriwiranso. Chimene chimamupha ndi kumuthirira kwambiri.

Wachiwiri ndi periwinkle, kaduwa ka masamba onyezimira ndi maluwa apinki kapena oyera a timapiko tisanu, kamene mumakaona kakumera kokha m'ming'alu ya makonde. Kwawo ndi ku Madagascar. Kamachita maluwa pafupifupi chaka chonse, kamadzifesa kokha, ndipo ziweto sizikakonda. Mpata wake ndi masentimita 30. Musakadye kapena kukawiritsa ngati mankhwala, kali ndi poizoni.

M'mphepete mwa njira ikani portulaca, kamene kamayanga pansi, timasamba tonenepa, maluwa ake otseguka dzuwa likakwera n'kutseka masana akapendeka. Kanthambi kothyola n'kuzika m'dothi kamagwira pa masiku ochepa. Kamaphimba dothi kuti lisapse, ndipo sikatalika kupitirira chikhatho.

Ine ndimaona kuti mitundu itatu imeneyi yokha imakwanira bedi lathunthu. Pa malo opapatiza, mitundu yochepa yobwerezedwa imaoneka yolongosoka kusiyana ndi chomera chimodzichimodzi cha mitundu khumi, ndiponso zonse zimafuna madzi ofanana, choncho simuthirira china mopitiriza pofuna kupulumutsa chinzake.

Ngati madzi alipo pang'ono, onjezani zonunkhira. Rosemary, kachitsamba ka timasamba tosongoka tokometsera chakudya, amakonda dzuwa ndi dothi losasunga madzi, ndipo amapirira akangokhazikika, koma m'miyezi yoyamba amafuna kusamalidwa. Mpungabwi sufuna kunyengerera, umamera ngakhale m'mbali mwa msewu. Lemon grass wa tiyi ndi wabwino, koma chitsa chimodzi chimakula mpaka mita m'lifupi ndi m'litali, masamba ake ndi ocheka, ndiye malo ake ndi kumapeto kwa bedi, pakona, osati pakati. Mudzamva anthu akunena kuti lemon grass ndi mpungabwi zimathamangitsa udzudzu. Fungo lake limatuluka masamba akafikisidwa kapena kufukizidwa, koma chomera chongoima panja pa windo sichiteteza munthu ku malungo. Neti musaisiye.

Marigold wamfupi, duwa lachikasu kapena la orenji la fungo lamphamvu, ndi woyenera kumutchula payekha. Alimi a fodya amadziwa manematodi, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu m'dothi la mchenga. Timagwiranso matimati, therere ndi tsabola. Mukazula chomera chofooka n'kupeza mizu yake ili ndi timfundo totupa, vuto ndi limenelo. Marigold wobzalidwa mothithikana kwa miyezi iwiri kapena itatu amatichepetsa, ndiye ndi bwino kuyamba naye nyengo yoyamba musanabzale tsabola. Kungoika kamodzi apa kena apo sikuthandiza kwenikweni. Amafesedwa ndi njere, ndipo duwa louma limodzi limakupatsani mbewu ya chaka chamawa.

Pakhoma la kum'mawa kapena la kumpoto, pafupi ndi khitchini, bedi likhoza kudyetsa banja. Kambuzi awiri kapena atatu pa mpata wa theka la mita amabala kupitirira chaka akamathiriridwa. Kuyambira Epulo mpaka Julayi bzalani mpiru, repu, chayinizi ndi anyezi. Kutentha kukayamba sinthani, ikani bonongwe ndi luni, zimene zimakondwa ndi dzuwa pamene repu wayamba kufota ndi kudzala nsabwe. Matimati pakhoma lotentha ndi pansi pa denga amagwidwa msanga ndi kangaude wofiira, chifukwa kachiromboka kamakonda malo otentha ndi ouma. Ndi bwino apite kudimba.

Pamene bedi lili pamtsetse ndipo dothi limakokoloka, mzere waufupi wa vetiva kumunsi umagwira ntchito. Mizu yake imalowa pansi molunjika, siyenda cham'mbali, koma udzuwo umatalika, choncho muziudula kufika m'mawondo.

Mbuzi, nkhuku ndi ana

Anthu akangokolola, ziweto zimamasulidwa, ndipo bedi lobiriwira limaoneka patali. Alovera, periwinkle ndi rosemary nthawi zambiri mbuzi zimazilambalala, ngakhale mbuzi ya njala ya mu Okutobala imalawa chilichonse. Ndiwo zamasamba popanda mpanda musayese n'komwe. Kampanda ka bango, nsungwi zong'amba kapena waya wa khola la nkhuku kakwanira, koma kakhale kotsegula kuti muzifika pakhoma. Nkhuku zimapalasa pofewa ndi ponyowa, ndipo zimadya tsabola wakupsa mosavutika chifukwa mbalame sizimva kuwawa kwake. Miyala yoyalidwa mozungulira tsinde imaziletsa kufukula.

Musalole bedi kusanduka chiyangoyango. Pansi pa zomera pazioneka, ndipo mpata wa pakhoma uja uzikhala wosesedwa, kuti njoka ndi makoswe zisapeze pobisala, inunso muziona msanga chiswe chikayamba kumanga njira.

Kupeza mbande ndi kubzala

Nazale yabwino koposa ndi makomo a anzanu. Yendani m'dera lanu mu Okutobala, muone chimene chikadali chamoyo pakhoma loyang'ana mbali imodzi ndi lanu, mupemphe ana kapena nthambi. Chimenecho chapambana kale mayeso. Mbande zogula kwa ogulitsa m'mbali mwa misewu ku Lilongwe zimakhala zoleredwa pamthunzi ndi madzi ambiri. Mukafika nazo, zisungeni pa dzuwa la m'mawa lokha kwa sabata imodzi, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono. Pogula sankhani zazifupi zonenepa, osati zazitali zodzaza maluwa, ndipo yang'anani pansi pa chubu: ngati mizu yatulukira n'kupiringizana, mbandeyo yakhalitsa.

Nthawi yobzala zokhalitsa ndi pamene mvula yakhazikika, kuyambira pakati pa Disembala mpaka Januwale, osati pa mvula yoyamba imene imatsatidwa ndi ng'amba. Zikatero mizu imakhala ndi miyezi itatu kapena inayi yozama chilimwe chisanafike.

Musanakumbe, ndandikani mbande zili m'machubu momwemo pamalo pamene mukufuna, mubwerere m'mbuyo muone, ndiponso muyende panjirapo mutanyamula ndowa. Ngati ikugunda, sunthani. Mipata idzaoneka yaikulu, koma isiyeni, idzatsekeka. Zazitali zikhale cha kukhoma kapena kumapeto, zazifupi cha kunjira.

Wokerani madzulo. Ng'ambani chubu osaphwanya dothi, ikani mbande mozama mofanana ndi mmene inaliri, tsenderani ndi manja, thirirani mokwanira. Ana a alovera asiyeni pamthunzi masiku awiri kapena atatu kuti bala liume musanawabzale, ndipo musawathirire sabata yoyamba. Mbande zanthete zitchingireni ndi nthambi ya masamba kwa masiku angapo.

Pa kuphimbira, pafupi ndi nyumba pamafunika nzeru. Udzu wouma ndi mapesi a chimanga zimasunga chinyontho, koma zimaitana chiswe. Pa alovera ndi rosemary gwiritsani timiyala. Pa ndiwo ndi marigold yalani makoko a mtedza kapena kompositi mopyapyala, osagunda tsinde, ndipo osadutsa malire a masentimita 30 aja.

Chilimwe choyamba thirirani mokwanira koma mwa apo ndi apo, kuti madzi alowe pansi ndipo mizu iwatsate. Kuwaza pang'ono tsiku lililonse kumasiya mizu pamwamba pomwe dothi limapsa. Lowetsani chala m'dothi, ngati pansi pali ponyowa dikirani. Thirirani patsinde, keni itayang'ana kunjira osati kukhoma.

Kwa amene muli m'nyumba ya lendi, funsani kaye eni nyumba musanakumbe. Akakana, zomera zomwezi zimachita bwino m'zigubu zodula pakati kapena m'ndowa zakale zobowola pansi. Zikhazikeni pa njerwa, motalikirana ndi khoma, ndipo pakhoma la kumadzulo pewani zigubu zakuda, chifukwa zimatentha mpaka kupsereza mizu. Za m'zigubu zimauma msanga kuposa za pansi, ndiye portulaca ndi periwinkle muzizithirira masiku awiri kapena atatu alionse m'nyengo yotentha, alovera kamodzi pa sabata.